Rowland Hill, Mwini Nzeru ya Sitampa

Rowland Hill adabadwa pa 3 Disembala m'chaka cha 1795 m'tauni ya Kidderminster, m'dziko la Mangalande. Iye adali mwana wamwamuna wachitatu wa Thomas Wright Hill ndi Sarah Hill. Bambo akewo adali munthu wokonda kuwerenga ndi kukambirana nkhani zakuya ndi anzawo, koma ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwawo. Amene adagwiriziza banjalo kuti lisagwe adali mayi, pakuti iwo ndiwo ankadziwa kusamala kobiri lililonse. Masiku amenewo dziko la Mangalande lidali pa nkhondo ndi dziko la France, ndipo chakudya chidakwera mtengo kwambiri.

Ali wamng'ono, Rowland adali wodwaladwala. Sankatha kuthamanga ndi anzake nthawi zonse, motero adazolowera kukhala phee, n'kumawerenga manambala mpaka kufika nawo patali. M'chaka cha 1803 bambo ake adayamba kuyendetsa sukulu pamalo otchedwa Hill Top, mumzinda wa Birmingham. Rowland adaphunzira pasukulu yomweyo, ndipo pamene adakwanitsa zaka 12 adayamba kuthandiza kuphunzitsa ana anzake. Masana ankaphunzitsa, usiku ankadziphunzitsa yekha masamu, za nyenyezi ndi kujambula mapu. Asanafike zaka 20 adatenga mabuku a ndalama za sukuluyo m'manja mwake, ndipo pang'onopang'ono adabweza ngongole zonse za bambo ake.

Padali chinthu chimodzi cha paubwana wake chimene Rowland sadachiiwale. Mayi ake ankada nkhawa akamva kugogoda kwa wamtokoma pakhomo. Masiku ano kalata ikafika anthu amakondwa, koma nthawi imeneyo kalata inkafika ngati ngongole, chifukwa amene ankalipira sadali woitumiza koma woilandira. Wamtokoma ankaima pakhomo, kalata ili m'manja, ndipo sankaipereka asadalandire ndalama. Ngati m'nyumba mudalibe kanthu, kalatayo inkabwerera osawerengedwa, kaya idali ya maliro, kaya ya ukwati.

Mtengo wake udalinso waukulu. Ndalama za ku Mangalande nthawi imeneyo zidali zonga zimene zinkagwira ntchito kuno ku Malawi kwacha ndi tambala zisadabwere m'chaka cha 1971. Makobiri 12 ankapanga shileni imodzi, ndipo mashileni 20 ankapanga paundi imodzi. Kalata ya pepala limodzi yochokera ku London kupita ku Edinburgh, mtunda wa makilomita oposa 600, inkalipitsidwa shileni imodzi ndi kobiri limodzi ndi theka. Ndalama imeneyi siinkasiyana kwenikweni ndi malipiro a tsiku lathunthu a munthu wogwira ntchito m'minda. Mtengo unkakwera malinga ndi kutalika kwa ulendo ndiponso kuchuluka kwa mapepala. Kalata ya mapepala awiri inkalipitsidwa kawiri. Envulopu nayo inkawerengedwa ngati pepala lina, n'chifukwa chake anthu ankangopinda kalatayo, kuimata ndi phula, n'kulemba dzina kunja kwake. Ku positi ofesi alembi ankaunika kalata iliyonse pa kandulo kuti aone mapepala amene adali m'kati.

Tsono amene ankavutika koposa adali amphawi. Zaka zimenezo anyamata ndi atsikana ambiri ankachoka kumidzi kukafuna ntchito m'mafakitale a m'mizinda, ndipo ena ankatha zaka osamva za makolo awo. Chodabwitsa n'chakuti aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene ambiri adali olemera, ankatumiza makalata awo mwaulere. Ankangosaina dzina lawo kunja kwa kalata, ndipo ena ankasainiranso abale ndi abwenzi awo. Anthu wamba nawo adapeza njira zawo zozembera. Ena ankapatsira makalata apaulendo mobisa, ngakhale lamulo linkaletsa. Ena ankatumiza nyuzi, poti nyuzi zinkayenda ulere, ataboola timabowo ndi singano pansi pa zilembo zina kuti zipange mawu. Enanso ankapangana chizindikiro chojambula kunja kwa kalata. Wolandirayo ankaitenga, kuiyang'ana pang'ono, n'kuibweza kwa wamtokoma kuti alibe ndalama, chikhalirecho uthenga wakuti mbale wake ali bwino wauona kale.

Komabe padapita zaka zambiri Rowland asadachitepo kanthu pa zimenezi, chifukwa mtima wake udali pa uphunzitsi. M'chaka cha 1819 banja la a Hill lidasamutsira sukulu yawo ku Hazelwood, kufupi ndi Birmingham, m'nyumba imene Rowland mwini adailinganiza. Sukuluyi idali yachilendo m'masiku amenewo. Idali ndi chipinda chophunziriramo sayansi ndi dziwe losambiramo. Chikwapu adachichotsa. Ana asukulu ankasankha okha komiti yopanga malamulo, ndipo wolakwa ankaweruzidwa m'bwalo la ana anzake. Mbiri yake idamveka kutali, kotero kuti ana ena ankachokera kumaiko akunja. M'chaka cha 1827 Rowland adakwatira Caroline Pearson, nakatsegula sukulu ina ku Bruce Castle, kumpoto kwa London. Ntchito idamtopetsa ndipo thupi lake lidafooka, motero m'chaka cha 1833 adasiya kuphunzitsa. Patapita zaka ziwiri adalembedwa ntchito ya ulembi m'bungwe limene linkatumiza anthu kukakhala ku South Australia.

Ali pa ntchito imeneyi ndi pamene adayamba kufufuza za mtokoma, m'mamawa ndi madzulo akaweruka. Iye adali asadagwirepo ntchito ku positi ofesi, ndipo atapempha kuti akaone mmene ntchito inkayendera kulikulu lake ku London adamkaniza. Amene adamthandiza adali phungu wina dzina lake Robert Wallace, yemwe adamtumizira mulu wa mabuku a boma ofotokoza za ndalama za mtokoma. Rowland adakhala pansi ndi mabukuwo monga ankachitira ndi ngongole za bambo ake.

Choyamba adaona kuti kwa zaka pafupifupi 20 ndalama zimene boma linkapeza ku mtokoma sizinkakwera, ngakhale anthu ankachuluka ndipo malonda ankakula. Izi zidamsonyeza kuti anthu ankafuna kulemberana, koma mtengo ndiwo unkawatsekereza. Kenaka adadzifunsa funso limene akuluakulu a positi ofesi sadalilabadire. Kodi kunyamula kalata imodzi kumadya ndalama zingati? Adatenga ndalama zimene zinkalipidwa pa ulendo umodzi wa ngolo ya akavalo yonyamula mtokoma kuchokera ku London kukafika ku Edinburgh, nazigawa ndi kulemera kwa katundu amene ngoloyo inkanyamula. Yankho lake lidali lodabwitsa. Kobiri limodzi lokha likadakwanira kunyamulira makalata 36 ulendo wonsewo. Chonsecho munthu ankalipira makobiri 13 ndi theka pa kalata imodzi.

Nanga ndalama zinkathera kuti? Zina zidali msonkho wa boma, koma zambiri zinkathera pa ntchito yowerengera. Kalata iliyonse inkafunika mlembi woti aiunike, apime mtunda wake, alembe mtengo wake ndi dzanja, aulembenso m'buku. Wamtokoma ankataya nthawi pakhomo lililonse kudikira kuti eni nyumba afunefune ndalama, ndipo pobwerera ankayenera kuwerengetsa zonse zimene watolera. Makalata okanidwa ankayenda ulendo kawiri popanda wolipira. Apa Rowland adazindikira kuti kutalika kwa ulendo sikudali kanthu kwenikweni. Chodya ndalama chidali chipwirikiti cha kumayambiriro ndi kumathero kwa ulendowo.

Mu Januwale 1837 adalemba maganizo ake m'kabuku kotchedwa Post Office Reform, nakapereka kwa nduna ya zachuma, ndipo posakhalitsa kadasindikizidwa kuti aliyense awerenge. M'kabukumo adapempha kuti mtengo ukhale umodzi m'dziko lonse, kaya kalata ikupita pafupi, kaya kutali. Adati mtengowo ukhale kobiri limodzi pa kalata yosapitirira theka la aunsi, amene ndi magalamu pafupifupi 14, ndipo kuti kalata izipimidwa pa sikelo m'malo mowerenga mapepala. Chachikulu pa zonse, adati wolipira akhale wotumiza, kalata isadanyamuke.

Koma wamtokoma akadadziwa bwanji kuti kalata yalipiridwa kale? Poyamba Rowland adaganiza za mapepala ndi maenvulopu odindidwiratu, ogulitsidwa ku positi ofesi. Kenaka adakumbukira anthu osadziwa kulemba. Munthu wotere akatumidwa ndi kalata yomatamata, sakadatha kulembanso dzina pa envulopu yatsopano. Chotero mu Febuluwale 1837, poyankha mafunso a komiti ya boma, adafotokoza za kapepala kakang'ono kokhala ndi chidindo kumaso kwake ndi zomatira kumbuyo kwake, koti munthu angokanyowetsa n'kukamata pa kalata. Iye mwini sadakaone kapepalako ngati chinthu chachikulu. Ankayesa kuti kazingothandiza anthu owerengeka.

Akuluakulu a positi ofesi adakwiya. Mkulu wa mtokoma m'boma, Lord Lichfield, adauza Nyumba ya Malamulo kuti maganizowa adali maloto opanda mutu, ndiponso kuti makalata akadzachuluka zipupa za positi ofesi zidzaphulika. Mlembi wamkulu, Colonel Maberly, adati boma lidzataya ndalama zambiri. Padalinso anthu ena olemera amene ankaona ngati kulipiriratu kalata ndi kunyoza woilandira, ngati kumuuza kuti ndi wosauka. Koma amalonda adagwirizana ndi Rowland. Iwo adapanga komiti yawo, nafalitsa nkhaniyi m'mizinda yonse, ndipo m'chaka cha 1839 zikalata zopempha zoposa 2,000 zidafika ku Nyumba ya Malamulo. Boma lidagonja. Lamulo latsopano lidavomerezedwa mu Ogasiti 1839, ndipo Rowland adapatsidwa ntchito ya zaka ziwiri ku unduna wa zachuma kuti ayendetse zonsezi.

Mtengo wa kobiri limodzi udayamba pa 10 Januwale 1840, ndipo ufulu wa aphungu wotumiza makalata mwaulere udathera pomwepo. Masitampa adali asadakonzeke. Boma lidachititsa mpikisano wa zojambula, ndipo anthu adatumiza maganizo pafupifupi 2,600, koma palibe chojambula ngakhale chimodzi chimene chidatengedwa monga chidaliri. Potsiriza adasankha nkhope ya Mfumukazi Victoria, yotengedwa pa mendulo imene William Wyon adasula, yoonetsa Mfumukaziyo ili mtsikana. Padali chifukwa chake. Maso a munthu amazindikira msanga nkhope yodziwika ikalakwika pang'ono, choncho akuba sakadatha kupanga masitampa abodza mosavuta. Charles Heath ndi mwana wake Frederick ndiwo adazokota nkhopeyo pa chitsulo.

Sitampa yoyamba pa dziko lonse lapansi idayamba kugwira ntchito pa 6 Meyi 1840. Idali yakuda, ya kobiri limodzi, ndipo mpaka lero imatchedwa Penny Black. Pa pepala limodzi pankakhala masitampa 240, mizere 20 ya masitampa 12. Apanso masamu a mphunzitsi uja ankaoneka, pakuti mzere umodzi unkagulidwa shileni, ndipo pepala lonse paundi imodzi. M'ngodya ziwiri zam'munsi za sitampa iliyonse mudali zilembo zosonyeza mzere ndi malo ake pa pepalapo. Timabowo tong'ambira tidalibe, motero mlembi ankadula sitampa iliyonse ndi sizasi, ndipo akafulumira ankadula ndi chithunzi chomwe. Timabowoto tidayamba m'chaka cha 1854.

Zinthu ziwiri sizidayende monga Rowland ankayembekezera. Maenvulopu aja amene iye adawadalira kwambiri adajambulidwa ndi William Mulready, ndipo adadzaza ndi zithunzi za njovu, ngamila, zombo ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana. Anthu adawaseka, ena adajambula ofanana nawo onyoza, mpaka boma lidawachotsa. Kapepala kaja kamene iye adakaganizira anthu owerengeka ndiko kamene anthu onse adakakonda. Chachiwiri chidali mtundu wa sitampayo. Kalata ikalandiridwa, mlembi ankadinda sitampa ndi inki yofiira kuti isagwirenso ntchito. Inkiyo siinkaoneka bwino pa sitampa yakuda, ndipo anthu ena adapeza njira yoifufutira n'kumatanso sitampayo pa kalata ina. Chotero mu Febuluwale 1841 adatembenuza zinthu, sitampa idakhala yofiira, chidindo chakuda. Penny Black siidathe n'chaka chomwe, koma masitampa ake oposa 68 miliyoni adali atasindikizidwa kale.

Makalata adachuluka ndithu. M'chaka cha 1839 adalipo pafupifupi 76 miliyoni, m'chaka cha 1840 adafika pafupifupi 169 miliyoni, ndipo pofika 1850 adali pafupifupi 350 miliyoni. Zipupa sizidaphulike. Komabe Maberly sadalakwe pa zonse, pakuti phindu la boma lidatsika kwambiri, ndipo padapita zaka zambiri lisadabwerere mwakale. Rowland ankayembekeza kuti makalata achuluka kasanu m'kanthawi kochepa, koma sizidatero. Adani ake adapezerapo mwayi. Boma litasintha, iye adachotsedwa ntchito m'chaka cha 1842, ntchito yake isadathe.

Zimenezi zidamuwawa, koma sadakhale manja lende. Adalowa m'kampani ya njanji ya pakati pa London ndi Brighton, ndipo kumenekonso adatsitsa mitengo kuti anthu wamba azikwera sitima kukaona nyanja. Anthu a m'dzikomo sadamuiwale. M'chaka cha 1846 adamsonkhera mphatso ya mapaundi oposa 13,000, ndipo chaka chomwecho boma latsopano lidamuitana kuti akagwire ntchito ku positi ofesi kwenikweniko. Kwa zaka 8 iye ndi Maberly adagwira ntchito m'nyumba imodzi akukokanakokana, kufikira 1854 pamene Rowland adakhala mlembi wamkulu. M'zaka zimenezi mabuku adayamba kutumizidwa pa mtengo wotsika, mabokosi oponyamo makalata adaikidwa m'misewu, ndipo eni nyumba adapemphedwa kuboola kampata pachitseko kuti wamtokoma azingoponya kalata n'kumapitirira.

Rowland sadali munthu wosavuta kugwira naye ntchito. Akatsimikiza chinthu sankamva za wina, ndipo ambiri mwa antchito ake ankamuopa koposa kumukonda. Padalinso mkangano wakuti kaya nzeru ya sitampa yomata idali yake yekha, pakuti wogulitsa mabuku wina wa ku Dundee, James Chalmers, adaganizaponso zofanana nazo. Ana a anthu awiriwa adalimbana pa nkhaniyi kwa zaka zambiri makolo awo atamwalira. Chimene palibe adachitsutsa n'chakuti Rowland ndiye adawerengera mtengo, nakakamiza boma mpaka sitampa idafika m'manja mwa anthu.

Maiko ena adatengera msanga. Brazil ndi zigawo zina za Switzerland adatulutsa masitampa awo m'chaka cha 1843, United States ndi chilumba cha Mauritius m'chaka cha 1847, France m'chaka cha 1849. Ku Cape of Good Hope, kumwera kwa Afirika, adatulutsa masitampa a ngodya zitatu m'chaka cha 1853. Dziko lililonse linkalemba dzina lake pa sitampa, ngakhale ena adachedwa kutero. Koma Penny Black idalibe dzina la dziko, poti panthawiyo padalibe sitampa ina yoti n'kusokonezana nayo. Mpaka lero masitampa a ku Britain salembedwa dzina la dziko, amangokhala ndi nkhope ya mfumu.

Rowland akali moyo padabuka chinthu china chimene iye sadachiganizire. Anthu adayamba kutolera masitampa ogwira kale ntchito. M'chaka cha 1841 mtsikana wina adalengeza m'nyuzi ya The Times kuti ankafuna masitampa akale oti amate pazipupa za chipinda chake, ndipo adali atasonkhanitsa kale 16,000. Ena adayamba kuwasunga mosamala, kuwaika m'magulu potsata dziko ndi chaka. Pofika 1862 mabuku omatamo masitampa adali atayamba kugulitsidwa. Otolera ena amafunafuna ma Penny Black a zilembo zonse za m'ngodya kuti abwezeretse pepala lathunthu la masitampa 240. Penny Black si yosowa kwambiri, popeza anthu ankasunga makalata awo, ndipo sitampayo inkatsalira pa kalata pomwepo. Yovuta kupeza ndi imene mlembi adaidula bwino mbali zonse zinayi.

Mfumukazi Victoria idampatsa Rowland ulemu wotchedwa Sir m'chaka cha 1860. Adapuma pa ntchito m'chaka cha 1864 chifukwa cha kudwala, ndipo Nyumba ya Malamulo idamthokoza ndi mapaundi 20,000. Adamwalira kunyumba kwake ku Hampstead, mumzinda wa London, pa 27 Ogasiti 1879, ali ndi zaka 83. Adaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey, mmene mudaikidwanso David Livingstone zaka zisanu m'mbuyo mwake.

Sitampa idafika m'dziko lino patapita zaka 12 chimwalirire iye. M'chaka cha 1891 boma la atsamunda lidatenga masitampa a kampani ya British South Africa n'kudindapo zilembo B.C.A., zoimira British Central Africa, dzina lakale la dziko lino. Kuno kudalibe ngolo za akavalo. Makalata ankanyamulidwa ndi amuna oyenda pansi, thumba lili paphewa, usana ndi usiku, m'njira zodutsa m'nkhalango za mikango. Kanyumba kamene amtokoma ankapumirako pa Namaka, pakati pa Blantyre ndi Zomba, kadasandutsidwa malo osungirako zinthu zakale za mtokoma. Dzina la pa sitampa lidasintha kukhala Nyasaland m'chaka cha 1908, kenaka Rhodesia ndi Nyasaland m'masiku a chitaganya, ndipo pa 6 Julayi 1964 padatuluka masitampa oyamba olembedwa Malawi. M'chaka cha 1979, patatha zaka 100 chimwalirire Rowland Hill, maiko ambiri adatulutsa masitampa omukumbukira, ndipo Malawi adali limodzi mwa maikowo.